Uta wa Sinowo ku Brampton

Magulovu onyowa akamauma pa chotenthetsera nyumba amatulutsa kafungo kangati ka nkhosa yonyowa ndi mvula. Ndikangokamva, ndimakumbukira dzinja lomwe ndinali mu giredi 4 ku Brampton m'dziko la Canada, patapita zaka ziwiri tichokereni ku Zomba. Tinkakhala m'nyumba zogundana, kuseri kuli kabwalo kakang'ono komwe sinowo, chipale chofewa chija, ankaunjikana mpaka kufika m'chiuno mwanga. Amami ankasamalira okalamba ku Etobicoke. Adadi ankayendetsa fokolifiti, kagalimoto kokwezera katundu, m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo ankabwera kunyumba akununkha makatoni ndi mafuta a makina.

Dzinja limenelo tinkaphunzira za Aroma akale. Aphunzitsi athu anatigawira aliyense mutu woti akafufuze, ndipo ine anandipatsa Koloseyamu, bwalo lalikulu lija lomwe anthu ankaonereramo ndewu. Ndinaloweza kuti analiyamba ndi mfumu Vesipasiyani, ndipo analitsegulira ndi mwana wake Tito. Posonyeza kuti mutuwo unandiyenera, ndinauza anzanga kuti adadi ndi injiniya womanga milatho. Harjot, mnyamata yemwe tinkakhala naye tebulo limodzi, anaseka. Anati amalume ake amagwira ntchito limodzi ndi adadi, ndipo zomwe amachita nkukweza mabokosi basi. Kalasi yonse inandiyang'ana ngati wabodza.

Sindinawauze adadi zimenezi. Ndinangoyala pepala langa, lomwe linali ndi chithunzi cha bwalolo, patebulo nkumawerenga mokweza kuti Vesipasiyani anamanga Koloseyamu. Iwo anali akuvula nsapato zawo zantchito pakhomo, ndipo anaima nsapato imodzi ili m'manja.

"Anamanga? Iyeyo anasenzapo mwala ngakhale umodzi?" anafunsa. "Tandionetsa chithunzicho, Tadala."

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analoza makomo okhota pamwamba aja, ondandalikana mizere itatu, nkundifunsa chomwe chikugwira miyala ya pamwamba kuti isagwe. Ndinati simenti. Anapukusa mutu, nati mwala uliwonse ukufuna kugwa, koma unzake wauthina njira, ndiye kulemera konse kumatsikira m'mbali mpaka pansi. Khomo lotere iwo ankalitcha uta. Anati milatho ina yakale ya kwathu imaima chimodzimodzi, ndipo Loweruka tidzamanga wathu.

Loweruka m'mawa kunja kunali kowala kopweteka maso, mpweya ukuluma m'mphuno. Adadi anabwera ndi matabwa otayidwa kuntchito kwawo, nkukhoma chikombole choumbira njerwa za sinowo, chachikulu mbali imodzi, chopapatiza mbali inayo. Anakhomanso thabwa lokhota ngati theka la gudumu, loti njerwa zigonepo pomanga. Ine ntchito yanga inali yoponda sinowo m'chikombole ndi kuwaza timadzi kuti aume gwa. Manja anachita dzanzi, mamina ali chuchuchu, koma sindinafune kulowa m'nyumba. Adadi ankayeza chilichonse ndi chingwe, akuimba mluzu, pensulo ili pakhutu. Ndinali ndisanawamvepo akuimba mluzu ku Canada.

Uta woyamba unagwa, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndinasolola thabwa lija njerwa ya pakati isanakhale bwino, zonse nkungoti phwa pamapazi pathu. Ndinadikira kukalipiridwa. Iwo anagwada, natola njerwa imodzi, nkundionetsa pomwe inali yosalingana, kenaka anati tiyambirenso. Masabata atatu otsatira tinamanga mauta asanu. Pomanga tinkakambirana za mafumu omwe ndinkawawerengera m'mabuku obwereka kulaibulale. Nero sankamufuna nkomwe. Hadiriyani ndiye ankamulemekeza, chifukwa atamanganso kachisi wamkulu wa denga lozungulira, anasiya dzina la munthu yemwe anamanga woyamba pakhomo pake. Amami ankangotiyang'ana pawindo atanyamula tiyi, nkumati tonse awiri tidwala chibayo.

Vuto linali lakuti uta wa sinowo sungaunyamule kupita nawo m'kalasi. Anzanga ankabwera ndi akachisi a makatoni opakidwa penti. Adadi analembera aphunzitsi kalata m'Chingerezi chawo chaulemu kwambiri, kupempha kuti timange pabwalo la sukulu, ndipo aphunzitsi anavomera. Tsikulo anasinthana nthawi yantchito ndi mnzawo. Anafika atavala chovala chawo chachikasu cha kuntchito, akukoka njerwa zathu pa chileyi chosewerera ana.  Ndinayang'ana Harjot, iye nkuyang'ana chovalacho, akumwetulira ngati wokumbukira mawu a amalume ake aja.

Adadi sanalankhule zambiri. Anaimika thabwa lokhota lija, nkuyamba kuitana ana mmodzimmodzi kuti aike njerwa, wina kumanja, wina kumanzere. Atafika pamwamba anapereka njerwa yomaliza kwa Harjot, osadziwa chilichonse cha mkangano wathu. Kenaka anandikodola kuti ndisolole thabwa. Ndinagwada nkulikoka pang'onopang'ono. Uta unaima. Ana anakuwa, nayamba kukwawa pansi pake motsatizana. Adadi anandinyamula nkundikhazika pamwamba penipeni, ndipo sunatekeseke. Ndili pomwepo ndinanena zonse zomwe ndinaloweza za Vesipasiyani ndi Tito, nkuwonjezera kuti amisiri enieniwo maina awo sitiwadziwa. Aphunzitsi anafunsa adadi kuti zimenezi anaziphunzira kuti.

"Ndinamanga milatho zaka khumi ndi ziwiri kwathu," anayankha mwachidule, akusasa sinowo m'mawondo.

Pa nthawi yopuma Harjot ndiye ankalondera uta uja kuti ana a makalasi ena asaugumule. Unakhalapo mpaka kunja kutayamba kufunda mu Malichi, pomwe unayamba kudontha, kuwonda, tsiku lina nkupezeka uli chithaphwi.

Kuchokera pamenepo ndinatsimikiza kuti adadi amakonda Aroma kuposa china chilichonse. Chaka ndi chaka pa tsiku lawo lobadwa ndinkawapatsa buku la mafumu a Roma, iwo nkuthokoza ndi manja awiri, nkuliika pashelefu. Mapepala awo a uinjiniya sanavomerezedwe kuno, ndipo anapuma ntchito ali pa fokolifiti yomweyo. Chaka chatha, tikulongedza katundu wawo posamukira m'nyumba yaing'ono, ndinapeza mabuku aja ambiri asanatsegulidwe nkomwe. Ndinawafunsa amami, iwo nkuseka mpaka misozi. Anati bambo ako za Aroma analibe nazo ntchito, mwina amadziwa mafumu awiri kapena atatu omwe unkawawerengera iwe. Chomwe chinawasangalatsa nchakuti chifikireni m'dziko muno, panalibe yemwe anawapatsa mpata wofotokoza momwe chinthu chimaimira, mpaka mwana wa zaka khumi anayala pepala patebulo. Ine ndinkaona ngati dzinja lija ankandithandiza homuweki. Kwa iwo, anali masabata atatu omwe anagwiranso ntchito yawo.