A Chidule ndi Zilembo 72

Alamu anga timawatchula kuti a Chidule. Ngakhale pofunsira achemwali anga akuti anangoti, "Ndikukufuna, yankho Lachisanu." Masana amakonza makompyuta pa ofesi ina, koma mtima wawo uli pa pulogalamu yaulere imene masukulu amalembera malipoti a ana. Pulogalamuyo ilibe mwini. Aliyense akaona pong'ambika amasoka chigamba chake n'kutumiza, pamodzi ndi uthenga wonena chimene wakonza. Olandira zigambazo ndi a Chidule.

Mwa otumizawo munali mphunzitsi wina wopuma pantchito, amene anaphunzira kompyuta imvi zili mbuu. Uthenga wa bamboyu unkayamba ndi moni, n'kufunsa za kunyumba, n'kudandaula za msana, chigamba n'kudzatchulidwa kumapeto ngati mchira. A Chidule zinawakwana. Loweruka lina anakhala pathebulo lodyera n'kupanga kapulogalamu kamene anakatcha mlonda. Uthenga ukapitirira zilembo 72, mlondayo ankayatsa chofiira n'kubweza chigamba munthu asanachione n'komwe. Anaikanso lamulo loti mlonda asachotsedwe popanda anthu atatu kuvomereza.

"Bwanji mlondayo mumuikenso pakamwa panga?" anawafunsa achemwali.

"Zilembo 41," anayankha a Chidule. "Mwadutsa."

Chigamba cha mphunzitsi uja chinabwezedwa kasanu ndi kanayi. Chinali chokonza vuto loti mayina aatali a ana ankaduka pa lipoti, mwana n'kupita kwawo ndi theka la dzina. A Chidule ankangoona chofiira n'kumaseka. "Zaka makumi atatu akuphunzitsa ana kulemba mwachidule, eniake zikuwakanika!"

Kenako kunangoti zii. Patapita milungu itatu kunabwera imelo ya mwana wamkazi wa mphunzitsi uja. Bambo anatisiya, analemba choncho, ndipo ali m'chipatala ankafunsafunsa ngati chigamba chawo chinalowa.

Ndinalipo tsikulo, ndikusita malaya pabalaza. A Chidule anatsegula mauthenga onse aja n'kuwawerenga koyamba. Mphunzitsiyo anayesetsa, ndikuuzeni. Moni anachotsa, msana anachotsa, za kunyumba anasiya kufunsa. Womaliza unali wakuti: "Konza mayina oduka pa lipoti. Mawa ndigonekedwa, chonde chilowe ndichione." Unapitirira ndi zilembo ziwiri zokha.

Ndinawamvera chisoni alamu anga, komanso ndinafuna kuwagenda ndi simbi.

A Chidule anatenga chigambacho kuti achitumize okha m'dzina la malemuyo. Munthu amene sanalembepo "zikomo" chikhalire analemba tsamba lathunthu: kuyamikira, kupepesa, mpaka za msana anatchulamo. Atatumiza, mlonda anayatsa chofiira.

"Ndine ndinakupanga iwe!" anakalipa a Chidule, akuloza laputopu.

"Ndiye watengera bambo ake," anatero achemwali ali kukhitchini.

Analembera anzawo awiri a pa pulogalamuyo kuti avomereze kumuchotsa mlondayo. Wina anayankha kuti aganizira kaye, wina mpaka lero sanayankhe. Masukulu anali oti asindikiza malipoti Lachisanu, choncho a Chidule anayamba kudula. Kuyamikira kunapita, msana unapita. Atafika pa "pepani aphunzitsi" anakhala nthawi yaitali chala chili m'mwamba, ine malaya akundipserera. Nakonso anadula, poti mawu oterowo pa mbiri ya pulogalamu sathandiza aliyense, lamulo lawo lomwe linkatero. Kunatsala "Konza mayina oduka pa lipoti."

Mlonda anayatsa chobiriwira n'kulemba mawu amene a Chidule anamuphunzitsa okha: "Uthenga wabwino. Pitirizani choncho."

Malipoti anatuluka ndi mayina athunthu. Mlonda akadali pantchito, kudikira kuti awiri aja avomereze. Madzulo a Lachisanu lomwelo ndinawamva alamu pakhonde akuimbira foni mwana wa mphunzitsi uja. Anayamba ndi moni, n'kufunsa za kunyumba, kenako anabwerezanso moni uja, poti njira ya macheza otere ankaidziwa ndi malemuwo.