Insulini ali mufiriji, mwana wanga akudikira akazembe

Mwana wanga Tadala watsala ndi insulini wa masiku awiri basi. 

Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, amadwala shuga. Sabata yatha gulu la Amalawi okhala ku Ulaya linatumiza mankhwala kuchipatala chathu chaching'ono kuno kumapiri a Ntchisi. Achemwali anga ali m'gulu lomwelo. Anasonkherana, anavutana ndi boma la kumeneko mpaka katundu ananyamuka. Anandiimbira foni: "Make Tadala, mtima m'malo, afika."

Lero 6 koloko m'mawa tinakwera kabaza. 7:30 tili pamzere. 11 koloko ndiye kufika pawindo. Bambo wopereka mankhwala akuti insulini watha. Watha? Nanga makatoni ndikuwaona mufirijiwo ndi a mandasi?

Akuti amenewo satsegulidwa mpaka mwambo wolandira uchitike. Abwere akazembe a dziko lomwe kwachokera mankhwalawo, abwere akuluakulu a boma, adule riboni, ajambulitse. Mwambowo unayenera kuchitika dzulo, koma mlatho wa pamsewu wochokera ku Lilongwe unakokoloka ndi mvula, galimoto zawo sizingadutse. Ndiye mwina Lachisanu sabata yamawa. Mwina!

Ndinalowa kwa mkulu wa chipatala. Ndinagwada pasimenti, anthu akuonerera, manyazi ndinawasiya panja. Iwo akuti, "Mayi, mukufuna ntchito indithere? Alendo akapeza katoni yong'ambula tidzawauza chiyani? Ubale wa mayiko awiri si masewera. Kayeseni ku Lilongwe."

Ku Lilongwe ndidutsira pati? Mlatho womwe wakanika galimoto ya akazembe, ine ndiuwoloka ndi mapiko, mwana kumsana?

Ndikuopa, anthuni. Chaka chatha Tadala anakomoka mankhwala atatha. Ndinamuitana dzina katatu osayankha, maso ali gwa. Sindikufuna kuzionanso zimenezo.

Potuluka, namwino ananditsatira n'kundipempha kuti tsiku la mwambolo Tadala adzavale yunifolomu yochapa, adzawerenge mawu othokoza alendo. Ndinangogwira Tadala padzanja n'kumapita, kuopa kutukwana.

Inu a gulu la ku Ulaya, munatumiza mankhwala kapena zokongoletsa chithunzi? Imbani foni lero, auzeni atsegule katoni imodzi yokha. Riboni mudzadula pa zotsalazo. Mukadikira Lachisanu, mudzapeza anthu atasonkhana kale, koma pakhomo panga.