Mudzi Wathu Analemba Chokani

Dzulo ku Mbamba Bay kalaliki wa zamalo ananditambasulira mapu akalekale. "Mzee, apa sipanakhalepo mudzi. Ndi tchire lotchedwa Chokani."

Ndinapsa mtima, chifukwa tsiku limene ankajambula mapuwo ndikulikumbukira. Kunabwera amuna awiri ndi chida cha miyendo itatu. Ine, poyesa kuti ndi kamera, ndinathamangira kukavala malaya a kutchalitchi n'kudzaima njo patsogolo pake. Mmodzi, akufunsa dzina la malowo m'Chiswahili, anaponda ndi jombo zake chinangwa choviika chimene mayi anayanika pamphasa.

"Chokani!" anakalipa mayi.

Munthuyo anangolemba.

Miyala anaijambula, mtsinje anaujambula, koma nyumba zathu ayi. Lero munda umene muli manda a mayi ukugulitsidwa, ndipo akundipirikitsa ndi mawu a mayi anga omwe.