Kaiti ya Waya wa Kopa

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene anasunga mng'ono wanga Tisa tsiku limene ine ndinamuikira imfa m'manja ndikuseka.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Chawama. Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi, ndipo mwana aliyense anali ndi kaiti ya pulasitiki ndi timitengo ta tsache. Vuto linali ulusi. Tinkausolola m'masaka a ufa n'kumalumikiza, koma unkaduka kaiti ikangokwera. Anyamata ankandiseka kuti kaiti ya mtsikana sipitirira denga.

Pafupi ndi kwathu panali ba Tembo, okonza mawailesi ndi mafani pakhonde pawo. M'katoni yawo ya zotaya ndinapeza kainjini ka fani yakupsa, m'kati mwake muli waya wa kopa woonda ngati tsitsi, wautali wosatha. Ndinausolola masana onse n'kuukulunga pakamtengo kouma, ndikunyadira kuti ndapeza nzeru imene palibe anaiganizapo.

Kaiti inakweradi, wayayo akunyezimira padzuwa, mpaka anyamata anasiya zawo n'kumayang'ana yanga. Tisa, wa zaka zisanu, analira kuti agwireko. Ndinamupatsa kamtengo kaja.

Kenaka mphepo inatembenuka, kaiti n'kuyamba kupendekera kumawaya a magetsi a m'mbali mwa msewu. Sindinaope, chifukwa makaiti ankakodwa pamenepo tsiku lililonse. Chimene chinandiopsa ndi mawu a ba Tembo. Ndinali ndisanamvepo munthu wamkulu akukuwa choncho.

"Taya! Iwe mwana, taya kamtengo!"

Tisa anagwiritsitsa, poganiza kuti akufuna kumulanda. Kunang'anima, kunaphulika ngati tayala, ndipo mawailesi onse a mumzere wathu anati zii. Tisa anali chagada m'fumbi, patapata imodzi itavuka.

Mapemphero onse a ku Sande sukulu anandithawa, linatsala dzina la Yesu lokha, ndikulibwereza ngati munthu wogwidwa malungo. Ba Tembo anakankha wayayo ndi thabwa n'kunyamula mwanayo, mutu wake ukulendewera. Amayi anali kumsika, ndipo m'mawa anali atandiuza kuti ndimuyang'anire. Ndinamva kuti funso lija anafunsidwa Kaini likubwera kwa ine: ali kuti m'bale wako?

Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani. Tisa anatsokomola, n'kulira mokweza. Mawu ake oyamba anali akuti, "Kaiti yanga ili kuti?"

Kukiliniki anamupeza ndi matuza pazala ziwiri. Amayi sanandimenye. Anangokhala pakhomo Tisa ali pamiyendo, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa chikwapu.

M'mawa mwake ba Tembo anandiitana. Ndinapita ndikuyembekeza mbama.

"Niwe unatenga waya mu katoni yanga?"

"Nine."

"Mutu uli nao, mantha ndiye ulibe. Nkala apa."

Anatenga batire ndi kababu ka tochi. Analumikiza ndi ulusi wa saka, sikanayake. Analumikiza ndi chidutswa cha waya wanga, kanayaka.

"Waona? Malaiti siyaziba kuti uyu ni mwana, asobela chabe. Wayapasa njila, yapita."

Anandilola kusewera ndi kababuko mpaka batire inatha, ndipo Loweruka lililonse ndinkabwereranso.

Lero ndimaika magetsi a sola pamadenga a anthu. Ntchitoyi inabadwa m'masewera, ndipo ndimakhulupirira kuti chidwi chija chinali mphatso ya Mulungu. Koma mphatso yopanda mantha ikanapha m'bale wanga. Ndisanagwire waya aliyense ndimayeza kawiri, ndikukumbukira zipsera za pazala za Tisa. Ana akatola zotaya zanga sindiwathamangitsa. Ndimawakhazika pansi, n'kutulutsa batire ndi kababu.

Ambuye amene anasunga Tisa asunge ana anu pamene akusewera inu muli kutali, ndipo aike pafupi nawo munthu wamaso, wofulumira kukuwa ndi wofatsa pophunzitsa. Amen.