Kansato Kokana Mbewa Zamchere

Mdzukulu wanga wamkazi, uja amagwira ntchito ku loji ina ku Kande, anabwera nako m'kabokosi ka pulasitiki koboola pachivundikiro. Atangolowa anatseka chitseko, masanasana dzuwa likuswa mtengo. Pomwepo ndinadziwa kuti pali nkhani.

"Ambuya, musakuwe."

"Ine unandimvapo liti ndikukuwa?"

Anavundukula. Mkatimo munali kanthu kobulungira, kamawangamawanga, kosaposa nkhonya yanga. Mutu sunkaoneka. Anati ndi mwana wa nsato, koma osati nsato zathu zomeza mbuzi zija. Iyi ndi ya kumayiko ena, sikula kwambiri, ilibe ululu, ndipo ikaopa imangodzipinda n'kubisa mutu pakati. Abwana ake ankaweta njoka zotere, ndiye pobwerera kwawo anamusiyira kamodzi.

"Ulere? Munthu sapereka chabwino ulere. Kakudwala kameneka."

"Sikakudwala, ambuya."

"Ndiye n'koba."

Anaseka n'kukaika m'manja mwanga ndisanakane. Kanali kozizira, kosalala ngati mwala wa m'madzi. Patapita nthawi kanasuzumira, kalilime kali laulau, kanandiyang'ana, n'kubwezanso mutu. Ndinati mumtima, aka kali ndi nzeru. Anthu a pano amakuonetsa mano onse tsiku loyamba lomwe, koma aka kanayamba kandiyeza kaye.

Ndinaika lamulo limodzi, loti asadziwe munthu. Ndine mayi wa mpingo, ndiponso wamasiye. Nkhalamba yamasiye yosunga njoka kuchipinda, dzina limene angaipatse mukulidziwa.

Inali nyengo ya mwera, mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Mdzukulu anandionetsa zochita: botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje kumbali imodzi ya bokosi, kambale ka madzi akumwa kumbali inayo, ndi phale loti kazibisalamo. Iye ankagonera kuntchito masiku ambiri, choncho zonse zinagwera ine. Ngakhale akanakhalapo sindikanamusiyira. Mwana amene amapsereza nsomba angayeze madzi a khanda? Ndinkayeza ndekha ndi chigongono, monga ndinkachitira posambitsa mayi ake. M'mawa ndikatsegula, kankakwera padzanja langa, kudzikulunga pachala chachikulu, n'kugona pamenepo. Ndinayamba kukaimbira nyimbo za kutchalitchi chapansipansi, ngakhale mdzukulu ankati njoka sizimva.

Vuto linali chakudya. Kamadya mbewa zokha, zing'onozing'ono, zaziwisi. Zimene abwana aja anasiya mufiriji ya ku loji, wophika anazipeza n'kuzitaya akutukwana. Mdzukulu anati titchere makoswe a m'nyumba. Ndinakana. Khoswe amayenda nyumba zonse, ndipo ndani akudziwa mankhwala amene anzathu amathira kuseri kwa matumba awo? Ndinayesa usipa. Kanatembenuka ngati ndakanyoza. Masabata anapita, khungu linayamba makwinya m'mbali, msana unayamba kusongoka. Ndikakanyamula kankapepuka ngati chisa cha mbalame.

Ife a kunyanja mbewa sitidya, ndipo kukumba kwake sitikudziwa. Odziwa ndi anzathu ochokera kuchigawo chapakati amene anabwera kudzagwira ntchito ku esiteti ya mphira. Mmodzi amakhala kuseri kwa munda wanga wa chinangwa, mayi wa ku Dedza, timangoti amake mapasa. Sindinkawakhulupirira. Amaseka kwambiri, ndipo moni wawo amayambira patali. Koma ndinavala mpango n'kupita.

"Ndikufuna mbewa."

"Agogo! Inuyo? Za ndani?"

"Za mlendo."

"Mlendoyo ali ndi mpango wobiriwira ngati wanuwu?"

Ndinatembenuka n'kubwerera kwathu. M'mawa mwake anabwera chozemba, mbale itakulungidwa m'chitenje. Zinali mbewa zowiritsa, zothira mchere, zowamba bwinobwino, zitandandalikidwa pampani, pambali pali tsabola wosinja.

"Idyani mwamtendere, agogo, sindiuza munthu," anatero monong'ona. "Mwachedwa nazotu. Zaka zonsezi mukungodya nkhungu, udzudzu wa m'nyanja uja, ndiwo zenizeni zili m'munda mwanu momwemu."

Atapita ndinatsuka imodzi, n'kuiyandikiza. Kansato kanalawa mpweya ndi lilime kamodzi kokha, n'kudzipinda ndithu. Ndinakhala pabedi m'mawa wonse, bokosi lili pamiyendo. Njira zinali ziwiri basi: ndisunge chinsinsi kanthu kanga kafe, kapena ndionetse mayi wa pakamwa potayirira uja, mawa mudzi wonse undiloze chala. Ndinapemphera, kenako ndinawaitana pampanda.

Atalowa kuchipinda ndinatseka chitseko n'kuvundukula.

"Mayo ine!" Mayi wamkulu ndithu, anali kale pamwamba pa mpando.

"Tsikani, muthyola mpando wanga."

"Agogo, ine ndimati ndinu a tchalitchi!"

"Ndine wa tchalitchi. Anakalenga ndi yemwe analenga mbewa zanuzo. Taonani, mwakaopseza."

Anayang'ana. Kanali katadzipinda m'dzanja langa, mutu utabisika. Ndinawafotokozera zonse, za mdzukulu, za abwana, za njala. Anatsitsa phazi limodzi.

"Kakuopa ineyo?"

"Inuyo. Ndi phokoso lanulo, ndani sangaope?"

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. "Ndiye tsabola uja... ndasinjira njoka?" Anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. Inenso kunandipulumuka, ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, chinthu chimene sindinachite chimwalirireni bambo a m'nyumba muno.

Atapukuta maso anakayang'anitsitsa. "Kaonda zedi. Aka kakufuna tiana tofiira tija ta pafunkha, m'chisa cha mbewa pansi. Bambo a mapasa akumba Lamlungu tikaweruka kutchalitchi."

"Muwauza chiyani?"

"Kuti agogo azikonda, akufuna zanthete poti mano anatha."

Ndinapita nawo. Ndinkafuna kuona ndi maso anga una wake, kuti uli kutali ndi nyumba za anthu. Tinayenda mpaka kuminda ya mpunga yokolola kale, bamboyo patsogolo ndi khasu, ine pambuyo ndi kachitini. Amayi ena ochokera kuchigayo anaima n'kumatiyang'ana, wina anafuula m'Chitonga kuti ambuya alowa Chichewa ndi pakamwa. Ndinangowakwezera dzanja. Anene za mbewa, zimenezo sizipha munthu.

Madzulo ake tinatseka zenera la kuchipinda kuti mukhale kamdima. Amake mapasa anakhala pamphasa, dzanja pakamwa monga ndinawalamulira. Ndinapana kambewa kamodzi ndi tibango tiwiri, kadakali kofunda, n'kumakagwedeza pakhomo pa phale. Kwa nthawi yaitali kunali zii. Mkono unayamba kulema. Kenako kalilime kanatuluka, kamutu kanatsatira, khosi linapindika. Sindinaone n'komwe mmene kanalumphira. Ndinangomva tibango tagwedezeka, kansato katakulunga kale chakudya chake. Kanameza pang'onopang'ono kuyambira kumutu, kenako kanayasamula, kukamwa kofiira psuu ngati kwa khanda, n'kukamwa madzi pakambale.

Amake mapasa anafuna kululutira, ndinawagwira pakamwa.

"Nyakhereni ndikagwireko," ananong'ona nditawasiya, akuyesa kundipempha m'Chitonga chathu n'kuchipotoza.

"Lero ayi, kangasanze. Mubwere Lachitatu. Mudzasambe m'manja pano, ndi sopo wanga, ine ndikuona."