Siteshoni ya bambo anga

Ku Nathenje kulibe njanji, ndipo sinakhalekopo. Koma bambo anga anagwira ntchito ubwana wanga wonse pa kasiteshoni ka sitima cha ku Salima, ndiye ukalamba utawasokoneza mutu, msewu waukulu uja anausandutsa njanji yawo.

M'mawa ukangoti utembenuke, atuluka kale. Ndinkawapeza pasiteji, nsalu yobiriwira ili m'manja, akukupizira minibasi kuti zidutse. Oitanira anawazolowera. "Bwana, tinyamuke?" Iwo n'kuyang'ana pamkono popanda wotchi, n'kuvomera ndi mutu. Anthu ankaseka. Ine ndinkapsa mtima, koma kwenikweni anali mantha, poti tsiku lina lole ya fodya inawaphonya pang'onong'ono.

"Muziwatsekera m'nyumba, achemwali," ankatero mlongo wanga pafoni, ali pheee kwawo ku Mitundu. Mutu ukakhala pa mnzako umaoneka wopepuka.

Kutsekera bambo ondibereka ngati mbuzi ndinakana. Ndinaganiza zopita nawo akaione siteshoni yawoyo, mwina mtima ungakhale pansi. Anavala jekete. Njira yonse sanakhazikike pampando, ankangofunsa ngati miyala ya m'mbali mwa bwalo yapakidwa laimu, ngati maluwa awo akuthiriridwa.

Tinapeza malata anazula kalekale. Zitseko kunalibe, mawindo kunalibe, m'chipinda chodikiriramo anthu munali zitosi za nkhuku ndi mapesi. Mayi wina amene ankalima chapafupi anati sitima ya katundu yokha ndiyo imadutsa mwa apo ndi apo, osaima.

Bambo anaizungulira nyumbayo akugwiragwira khoma. Kenaka anandiyang'ana ndi maso abwinobwino, aja ndinali nditawaiwala.

"Mwanawe, anatseka liti?"

"Kale kwambiri, bambo."

"Nanga osandiuza bwanji?"

Tinakwera minibasi n'kubwerera kunyumba.

Chichokereni kumeneko kumsewu sanapitenso. Amakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, manja ali pamaondo, phala n'kumazizira pambali. Mlongo wanga amandiyamikira kuti ndinachita zanzeru, ndipo ndikamva zimenezo ndimafuna kuiponya foniyo. Wosakhazikika tsopano ndine. Ndimalowa, ndimatuluka, ndimasesa posesa kale. Dzulo ndalephera kupirira, ndawabweretsera nsapato.

"Bambo, simuchedwa kuntchito?"

Aziyang'ana nthawi yaitali.

"Kabwezeni, mayi. Kulibe amene akundidikira."