Bulangeti M'mwezi wa Okutobala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mayi anga anandiwomba mbama pamaso pa anthu. Sanali munthu womenya ana, mwina n'chifukwa chake tsaya langa likuikumbukirabe. Anandimenyera nkhani ya bulangeti.

Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi, anali msodzi wa ku Nkhudzi. Ndinkawadziwa atakhala pamthunzi akusoka ukonde, ataukola ndi chala chachikulu chakuphazi, pakamwa pakutuluka nthabwala zokhazokha. Ankanditcha Kambuzi, dzina la kansomba kakang'ono kaja, chifukwa ndinali wochepa thupi koma wosowetsa mtendere. Tsiku lina anagwa akuchokera kunyanja, ndipo mbali yonse yakumanja inafa. Sankathanso kudzuka, kutembenuka kapena kupita kuseri paokha.

Vuto linagona pa wowasamalira. Agogo aakazi anali atatisiya kale. Amalume anga awiri anali ku Joni, monga amuna ambiri a kwathu kuno, ndipo chawo chinali kuimba foni. Bambo anga anali atapita kukakwatira kwina. Tinatsala akazi okhaokha, mayi ndi ine, m'kanyumba ka lendi pa boma la Mangochi, kumene mayi ankagulitsa usipa pamsika. Ndipo kwathu mwana wamkazi sasambitsa bambo ake, saona thupi lawo. Zimenezo sazikambirana n'komwe.

Ndiye mayi wina wa kutchalitchi atatiuza za nyumba yosungirako okalamba imene bungwe lina linkayendetsa chakunjira ya ku Lungwena, mayi anga anaona ngati Mulungu wayankha. Mayi wa kutchalitchiyo anatiuza kuti kumeneko kuli mwamuna wolembedwa ntchito yosambitsa amuna anzake. Mayi anawanyamula agogo kupita nawo kumeneko.

Tinkapita kukawaona Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Pabwalo pankakhala posesedwa bwino, maluwa atabzalidwa m'matayala akale. Ankatilandira mayi wina amene aliyense ankamutcha anesi, ngakhale ndikukayika ngati anapondako kusukulu ya unesi. Mano onse panja, ankati, "Afikeni, afikeni! Madala anu tawasambitsa m'mawa womwe uno." Mwamuna wosambitsa uja sitinkamuona. Tinadzamva pambuyo pake kuti ankatenga njinga ya panyumbapo n'kumakachita kabaza kuboma tsiku lonse.

M'chipinda cha amuna munkanunkha mankhwala okolopera, koma pansi pa fungo limenelo pankamveka lina, lolemera, limene linkandikhalira pakhosi mpaka pobwerera. Agogo tinkawapeza atagona chagada nthawi zonse, atafunditsidwa bulangeti lofiira la maluwa kufika m'khosi. Linali loyera, lopindidwa bwino m'mbali. Mayi ankagwada chakumiyendo kwa bedi, chapatali pang'ono, maso pansi, monga mwana woleredwa bwino.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka bwino, mwanangu," ankayankha ndi lilime lolemera. Kenako ankandiyang'ana ine n'kufunsa ngati kunyanja kuli mwera.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene agogo sananenere kanthu. Koma akananena kuti chiyani? Bambo angauze bwanji mwana wake wamkazi za m'chiuno mwake ndi m'matako? Ulemu umene unkagwadika mayi patali ndi womwewo unkatseka agogo pakamwa. Ndipo anesi aja ankadziwa bwino lomwe kuti pa anthu ngati ife, bulangeti loyera ndi loko wosathyoka.

Linali Lamulungu lina mu Okutobala. Amene anakhalako ku Mangochi akudziwa kutentha kwa mwezi umenewo, malata amachita kulira. Agogo anali ndi thukuta pachipumi, milomo itauma, koma bulangeti lili m'khosi. Tsiku limenelo sanafunse za mwera. Mayi ankasenda nthochi imene tinawatengera, ine nditakhala pansi, kunyong'onyeka ngati mwana aliyense. Ndipamene ndinaona nyerere. Zinandanda kuchokera pamng'alu wa khoma, kudutsa pasimenti, kukwera mwendo wa bedi, n'kumalowa kunsi kwa bulangeti. Zina zinkatuluka zitanyamula tinthu.

Ndinaganiza kuti agogo abisa shuga. Zoona, ndinaganiza choncho, ndipo ndinasekerera kuti ndawagwira. Ndinanyamuka, kugwira nsonga ya bulangeti, n'kulivundukula ndi mphamvu.

Mbama inafika ndisanaone n'komwe. "Iwe! Mwana wopanda mwambo!" Khutu linalira, misozi inatuluka yokha. Koma bulangeti linali litagwera kale pansi, ndipo fungo lija linadzaza chipinda chonse.

Pansi pa agogo panalibe nsalu, panali pepala la pulasitiki basi, lonyowa ndi mkodzo wa masiku amene sindingawadziwe. Pachiuno panali chilonda chakuya, chakuda m'mbali, cholowa chibakera cha mwana. Zidendene zinali zitanyenyeka. Nyerere zija zinkapita pamenepo. Kusukulu tinkaloweza mwambi wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, n'kumauyankha pamayeso mosangalala. Chichokereni tsiku limenelo sindiutchula mwachisawawa.

Dzanja la mayi linali lidakali m'mwamba. Pabedi loyandikana pankagona mkulu wina wachiyao, Che Amidu, amene sankalankhulalankhula. Anadzutsa mutu pang'ono n'kunena chapansipansi, "Amama, musam'menye mwanacheyu. Tonse muno tili choncho. Palibe amene amavundukula."

Anesi anafika akuthamanga, akuti mwamuna wosambitsa uja wadwala, akuti madzi avuta, akuti okalamba khungu lawo n'losachedwa kunyenyeka. Anatola bulangeti kuti afunditsenso. Mayi anawalanda. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa mbama ija. Anangoti, "Ndipatseni beseni ndi madzi ofunda."

"Koma amayi, awa ndi bambo anu."

"Ndikudziwa kuti ndi bambo anga. Ndipatseni beseni."

Anamanga chitenje m'chiuno, n'kugwada pafupi penipeni, pamene sanagwadepo chibadwire. Anawatembenuza pang'onopang'ono, ine nditagwira phewa lakufa lija kuti lisagwe. Agogo anayang'ana kukhoma, misozi ikutsikira m'khutu. Munthu amene ankakoka ukonde ndi anyamata anali wopepuka ngati mtolo wa bango. Ndinawamva akuti, "Pepa, mwanangu, waona zosayenera." Mayi ananyika kansalu m'madzi. Ankangopukuta, kufinya kansalu, kupukutanso, madzi a m'beseni akusintha mtundu.

Tsiku lomwelo tinawatengera kuchipatala. Adokotala anati zilondazo zinayamba kalekale chifukwa chogonera malo amodzi osatembenuzidwa, ndipo zaipitsa kale magazi. Mayi anagona pansi pambali pa bedi lawo, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza okha, osalabadira amayi ena amene ankanong'onezana. Agogo anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Amalume anafika kuchokera ku Joni ndi bokosi lokongola lonyezimira, anthu pamaliro n'kumayamikira kuti mkuluyu anabereka ana. Ine ndinkaliyang'ana bokosilo ndi mkwiyo, chifukwa kwa ine linali bulangeti linanso.

Che Amidu sindikudziwa kuti zinawathera bwanji. Mayi anakadandaula kwa akuluakulu a bungwelo, anauzidwa kuti nkhaniyo aiona. Sitinabwererekonso. Nkhope ya mkulu uja imandibwererabe, ndipo mtima umandiwawa.

Sindinyoza mwambo wathu. Unandilera, ndipo ana anga ndimawaphunzitsa kugwada. Anthu a panyumba ija ndiwo anali ndi mlandu, ndipo sindiwachotsera ngakhale pang'ono. Koma ndinazindikira kuti wosasamala amabisala kuseri kwa ulemu wa anthu abwino. Ndinazindikiranso kuti wodwala akati "ndadzuka bwino," nthawi zambiri amakhala akukuchitira chifundo iweyo, ndipo ntchito yako imayambira pamenepo.

Za mbama ija mayi sanazitchulepo kwa zaka zambiri. Lero akalamba, miyendo inawakana, ndipo akugona m'chipinda chakumaso kwa nyumba yanga konkuno ku Mangochi. M'mawa woyamba nditawatenga, ndinalowa ndi tiyi, ndinagwada chapatali mwachizolowezi, n'kufunsa mmene adzukira. Anandikodola kuti ndisendere, anandisisita tsaya lomwe lija, kenako anatenga dzanja langa n'kuliika pansonga ya chofunda chawo.

"Vundukula, Kambuzi," anatero. "Ine usandichitire ulemu."